Phunziro: Kuwotcherera Zitsulo

Mawu atsopano: kuwotcha, kuwotcherera, kusungunuka, mmisiri

Maphatikizo: ku-wo-tche-re-ra

Tiwerenge

M'mbali mwa misewu ya ku Nkolokosa ndi ku Zingwangwa muli amisiri opanga mageti, mbaula, mabedi ndi mafelemu a mawindo. Ntchito yawoyi ndi kuwotcherera. Mawuwa achokera ku kuwotcha. Chimanga tikachiwotcha chimapsa, koma zitsulo ziwiri tikaziwotcherera zimagwirana n'kukhala chimodzi.

Amisiri ambiri amawotcherera ndi magetsi. Makina awo ali ndi nthambo ziwiri. Ina amaipanitsa pa chitsulo, inayo imagwira kandodo kotchedwa rodi. Mmisiri akakhudzitsa rodi pa chitsulo n'kuikwezako pang'ono, magetsi amalumpha kampatako, ndipo pamabuka moto wothobwa m'maso. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, koma motowu umatentha kuposa apo. Milomo ya zitsulo ziwirizo imasungunukira pamodzi ndi rodi ija. Pakazizira, mmisiri amagogoda ndi hamala kuti makoko apamwamba achoke. Magetsi a ESCOM akazima, ntchito imaima, pokhapokha ngati pali jenereta.

Ena amawotcherera ndi moto wa gasi, makamaka zitsulo zopyapyala monga ekizozi ya galimoto.

Wokonza mawailesi nayenso amati akuwotcherera waya. Koma iye sasungunula wayayo ayi. Amasungunula kachitsulo kofewa komwe kamamata mawaya awiri. Kumata kotereku sikungagwire geti.

Tisamale

Moto wowotcherera sauyang'ana ndi maso chabe. Amene wauyang'ana, usiku wake maso amamupweteka ngati mwalowa mchenga. N'chifukwa chake mmisiri amatchinga nkhope ndi galasi lakuda ndipo amavala magolovesi. Ana tisawalole kuima pafupi. Mgolo umene munali petulo tisauwotcherere, chifukwa mpweya wotsalamo umaphulika.

Pogula geti kapena felemu, tiyang'anitsitse polumikizira. Mzere wake ukhale wodzaza, wopanda timabowo. Pomwe angodonthezapo apa ndi apo sipachedwa kuthyoka.

Luso limeneli amuna ndi akazi omwe angaliphunzire. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno.

Mafunso

1. Kodi kuwotcha ndi kuwotcherera kukusiyana bwanji?
2. Rodi imagwira ntchito yanji?
3. Tingadziwe bwanji geti lowotchereredwa bwino?

Tilembe

Lembani zinthu zitatu za pakhomo panu zomwe zinachita kuwotchereredwa.