Phunziro: Khasu Lisachoke Pakhomo

Cholinga cha phunziro

Tikufuna tikumbutsane za zida zamanja zimene banja silingadzuke popanda izo pambuyo pa chilala, ndiponso mmene tingazigwiritsire ntchito kuti mvula yochepa itikwanire.

Mawu oyamba

Abale ndi alongo, chilala si chachilendo kuno ku Nyimba ndi ku Petauke. Akuluakulu akukumbukira njala ya mu 1992, pamene tinadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Mu 2024 mvula inadulanso chimanga chili pafupi kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Maboma 84 mwa maboma 116 a m'Zambia anakhudzidwa.

Thandizo la chakudya limafika, koma thumba la ufa limatha. Chimene chimatsala pakhomo ndi munda, manja athu ndi zida zathu. Njala ikavuta, ena a ife timagulitsa khasu ndi nkhwangwa kuti tipeze chakudya cha masiku awiri. Pamenepo timakhala tagulitsanso zokolola za chaka chamawa.

1. Chifukwa chake khasu lili patsogolo

Makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula okha makasu. Khasu linali chuma: ankasinthanitsa ndi katundu wina, ndipo m'madera ambiri linkaperekedwa pa ukwati. Mpaka lero ndi khasu lomwelo timalimira, kupalira, kukumba mbatata, kuponda dothi la njerwa ndi kukumba manda.

Ng'ombe ndi zabwino, koma si banja lililonse lili nazo. Chigodola chimapha ng'ombe, ndipo kuchigwa cha Luangwa, kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe, kuli ntchentche za kashembe zimene zimavutitsa ziweto. Ng'ombe zopulumuka pa chilala zimakhala zowonda pa nthawi yolima. Wobwereka pulawo amadikira mwini wake atsirize, ndiye amadzala mochedwa. Khasu silidikira msipu, silifuna mafuta, ndipo mkazi wamasiye amene ali nalo angayambe ntchito lero.

2. Khasu ndi mayenje osunga madzi

Tikamalima mizere chaka ndi chaka pa kuya kumodzimodzi, pansi pake pamauma gwa. Madzi amangothamanga pamwamba, mizu nayo siitsika. Mankhwala ake ndi ulimi wa gamphani, umene bungwe la Conservation Farming Unit, lokhazikitsidwa mu 1996, linafalitsa m'Zambia. Bungweli linalimbikitsanso khasu la chaka, lolemera ndi lalitali msonga, loti lithe kuboola nthaka youma. Kachitidwe kake nkotere:

1. Tisatenthe mapesi. Tiwasiye m'munda kuti aphimbe nthaka ndi kusunga chinyezi.
2. Titenge chingwe chachitali, timangepo mfundo kapena tizitsekero ta mabotolo pa masentimita 70 alionse. Chingwechi chidzatisonyeza pokumba.
3. Dzenje likhale la masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya. Mzere ndi mzere zitalikirane masentimita 90.
4. Tithire manyowa owola bwino m'dzenje, tibwezere dothi, koma tisadzaze. Kabeseni kotsalako ndiko kamakola madzi.
5. Mvula yokwanira ikagwa, tidzale msanga njere zinayi za chimanga m'dzenje lililonse. Zikamera tipatulire, zitsale zitatu.

Pa lima imodzi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, pamalowa mayenje pafupifupi 4,000. Ntchitoyi ndi yowawa, tisanamizane. Koma banja likamakumba mayenje 50 m'mawa uliwonse, limatsiriza m'masiku 80. Chinsinsi chake ndi kuyamba mu Meyi kapena Juni, titangokolola, nthaka isanaumitsitse. Woyamba mu Okutobala amalimbana ndi dzuwa ndi nthaka yonga mwala. Mayenjewa ndi okhalitsa: chaka chamawa timakumba pomwepo, ndipo ntchito imapepuka.

Tisaiwale udzu. M'munda wa gamphani udzu umamera msanga, choncho khasu lopepuka lopalirira likhale pafupi. Tizipalira udzu usanabale njere.

3. Anzake a khasu

*Nkhwangwa* imatipatsa mipini, mitengo ya nkhokwe ndi ya khola. Koma nkhwangwa yomweyo ndiyo yadula mitengo yambiri ya makala amene timawaona m'mbali mwa msewu wa Great East. Mapiri akayera, madzi a mvula amakokolola nthaka ndipo mitsinje imaphwa msanga. Tizidula nthambi m'malo mwa tsinde. Msangu wa m'munda tiusiye: umagwetsa masamba m'dzinja, sutchinga dzuwa ku mbewu, ndipo masambawo amanonetsa nthaka.

*Chikwakwa ndi chikwanje* ndi zotchetchera udzu wophimbira m'dimba ndi wofolerera nkhokwe, ndiponso zolambulira njira yotchinga moto kuti lupsa lisalowe m'munda.

*Kasemasema* ndi wosemera mipini, mitondo ndi minsi. Pamene magetsi anavuta mu 2024 chifukwa madzi anatsika m'nyanja ya Kariba, zigayo zambiri zinkaima maola ochuluka, ndipo mtondo unathandizanso.

*Tupa* kapena mwala wonolera ndi kanthu kochepa, koma chida chobuntha chimatha mphamvu za munthu amene wadya kamodzi pa tsiku.

4. Kusamala zida

Tikaweruka kumunda tichotse dothi pa khasu ndi kuliika pouma, osati pabwalo. Mpini wogwedera tiukonze tsiku lomwelo. Khasu losweka tisataye. Osula a m'midzi mwathu amatha kuliwongola kapena kusulapo kakhasu kopalirira. Paja akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, choncho banja lililonse liyesetse kukhala ndi khasu la munthu wamkulu aliyense.

Mutu umodzi susenza denga. Gulu la pampingo kapena la m'mudzi lingasonkhe ndalama zogulira makasu a chaka angapo, lisankhe wosunga, ndipo wobwereka azilembedwa m'kabuku. Achinyamata angapatule m'mawa umodzi pa sabata kukakumbira okalamba ndi odwala. Opita ku ganyu ayambe akumba mayenje awo kum'bandakucha, kuti munda wa mwini ganyu usabiriwire wawo uli thengo.

Mafunso okambirana

1. Kodi pa njala yapitayi ndi zida ziti zimene zinachoka m'makomo mwathu? Zinabwerera?
2. Ndani m'dera lathu alibe khasu, ndipo timuthandiza bwanji mvula isanagwe?
3. Tingatani kuti mapesi asatenthedwe kapena kudyedwa onse ndi ziweto?

Ntchito ya sabata ino

Banja lililonse liwerenge zida zake, linole zobuntha, ndipo likonze chingwe choyezera. Pa msonkhano wotsatira tibwere ndi makasu athu. Tidzakumba limodzi mzere woyamba m'munda wa mmodzi wa okalamba athu.