PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Mankhwala akakanika, musataye mtima

Abale ndi alongo a kuno ku Govan, tiyeni tikambirane za matenda ovutika maganizo amene samva mankhwala msanga. Kwathu nkhani yotere timainong'ona, kuopa kunenedwa kuti "uyu ngwa ku Zomba". Komatu awa ndi matenda ngati shuga kapena BP.

Chimachitika n'chiyani mu ubongo?
Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga kudzera m'timadzi monga serotonin, noradrenaline ndi dopamine. Mankhwala ngati sertraline ndi fluoxetine amachititsa kuti serotonin akhalitse pakati pa maselowo. Koma gwero la matendawa si timadziti tokha ayi. Chibadwa, nkhawa ya mapepala, mashifiti ausiku, ngongole ndi kusowa abale, zonsezi zimaulemetsa ubongo. N'chifukwa chake mankhwala amodzi sathandiza aliyense. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2006, pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa atatu ndi amene anachira ndi mankhwala oyamba.

Madokotala amati matendawa ndi osamva mankhwala ngati mwamwa mitundu iwiri yosiyana, pa mlingo woyenera, uliwonse kwa milungu 4 mpaka 6 kapena kuposerapo, koma osasintha. Apa m'pamene ambiri timagwa ulesi. Munthu amajomba ku ntchito, ndalama zotumiza kumudzi zimachepa, banja limagwedezeka, zaka n'kumapita.

Tichite chiyani?
1. Musasiye mankhwala mwadzidzidzi, mungadwale kwambiri.
2. Bwererani kwa GP, mumuuze mosabisa kuti sizikusintha. Muli ndi ufulu wopempha womasulira, ndipo simulipira.
3. Pemphani kuti akutumizeni kwa akatswiri a matenda a maganizo. Iwo angasinthe mankhwala, angawonjezere lithium (amafunika kuyezetsa magazi pafupipafupi chifukwa cha impso ndi chithokomiro), kapena angakupezereni uphungu wa CBT. Mu 2020 Scottish Medicines Consortium inavomerezanso esketamine, mankhwala opopera m'mphuno, kwa amene ena awakanika.
4. Musaope mtengo. Kuno ku Scotland mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi aulere kuyambira mu 2011.

Pemphero ndi chipatala sizilimbana, chitani zonse. Ngati mukuganiza zodzipha, musadikire kuti kuche. Imbani 111, kapena Samaritans pa 116 123. Moyo ukakhala pangozi, imbani 999.

Ndipo mnzanu amene wasiya kubwera kutchalitchi kapena kumzikiti, kam'gogodereni sabata ino.