MIZERE YA PA MCENGA NDI MAFUNDE A KALE

Mwana ali yense amene anasambapo pa dooko adziwa timizere timene madzi alemba pa mcenga, tonga mizere ya m'munda. Pansi pa nyanja yamcere mafunde nawonso apanga timizere totere pokankha mcenga kutsogolo ndi kumbuyo. Timizere ta mumtsinje tipendekera mbali imodzi, koma ta mafunde tilingana mbali zonse ziwiri.

Nthawi zina mcenga wina ukwirira timizereto, ndipo patapita zaka zosawerengeka tisanduka mwala. Nyanja iphwa, koma mwala usunga mbiri yace. Akatswiri a miyala ayesa mpata wa pakati pa mzere ndi unzace kuti adziwe mphamvu ya mafunde a kalewo. Kawirikawiri mpatawo uli ngati magawo awiri mwa atatu a mtunda umene madzi a pansi ayenda asanabwerere m'mbuyo. Tsono mafunde amphamvu asiya mipata yaikulu.

Koma muyeso umenewu unapezeka poyesa mcenga wokhawokha, pamene pansi pa nyanja zambiri mcenga usakanikira ndi dongo. Mai woumba mbiya adziwa kuti dongo limata. M'nyanjamo ligwirizanitsa timcenga, ndipo madzi abvutika kutisuntha.

Ku Yunivesite ya Hull, ku England, akatswiri anathira mcenga ndi dongo m'ngalande yomanga, nautsa mafunde ndi makina. M'caka ca 2018 analengeza kuti dongo likacepa, timizere ticedwa kuoneka. Komabe mafunde apeta dongolo monga mai apeta gaga m'licero, mpaka timizere tikula ngati ta pa mcenga wokhawokha. M'caka ca 2022, atayesa mafunde pamodzi ndi madzi oyenda, analengeza kuti dongo likaposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10, timizere tikhala tating'ono ndi tosatumphuka.

Cifukwa cace katswiri wofulumira akhoza kusokera. Ataona timizere tating'ono pa mwala, adzanena kuti nyanjayo inali yabata, cikhalireco panali mafunde amphamvu amene dongo linawakaniza. Wanzeru ayamba wafufuza kuculuka kwa dongo m'mwalamo, pamwamba ndi pansi pa timizere pomwe, asanagamule za nyanja imene sanaione.

MAFUNSO
1. Kodi timizere ta mumtsinje tisiyana bwanji ndi ta mafunde?
2. Dongo licita ciani kwa timcenga?
3. Fotokozani m'mene dongo linganyengere katswiri wa miyala.