Kulumikiza makompyuta angapo ku intaneti ndi rauta imodzi

Chaka chatha, gulu lathu lophunzira kompyuta linalandira rauta ndi malaputopu anayi. Tinasonkha ndalama za maganyu n'kugula bandulo yoti itifikitse kumapeto kwa mwezi, koma inatha tsiku lachinayi. Mlongo wina amene ankayenera kutumiza fomu yopempha malo a sukulu sabata yomweyo anachita kuyenda khomo ndi khomo kubwereka foni. Wolakwa ndinali ine. Ndinangolumikiza rauta ku magetsi, ndipo nditaona kuti intaneti yabwera ndinati ntchito yatha. Pasiwedi ndinasiya yomwe inalembedwa pa stika ya pansi pa rauta, moti aliyense wolowa m'chipindamo ankangoitembenuza n'kujambula stikayo ndi foni. Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kugwira ntchitoyi mwandondomeko. Ndondomeko yake ndi iyi, kuti magulu ena a kuno ku kampu asataye ndalama ngati mmene tinatayira ife.

Ntchito ya rauta

Rauta ili ndi mbali ziwiri. Mbali yamkati imalumikiza makompyuta ndi mafoni anu kuti akhale pa netiweki imodzi, kudzera pa nthambo kapena pa Wi-Fi. Mbali yakunja imalumikizana ndi kampani yopereka intaneti. Kale rauta inkachita zimenezi poyimba nambala pa nthambo ya telefoni ya m'nyumba, njira imene inkatchedwa dial-up. Liwiro lake silinkapitirira makilobiti 56 pa sekondi, ndipo ukakhala pa intaneti munthu sankatha kuyimba telefoniyo. Ife m'nyumba zathu mulibe nthambo za telefoni, choncho timagwiritsa ntchito rauta yolowetsa simukhadi. Komabe mawu akale aja sanathe. Marauta ena mukawatsegula mupeza mawu akuti Dial-up kapena Dial number, ndipo musadabwe nawo.

Kumbukirani chinthu chimodzi: bandulo ili ngati thanki imodzi ya madzi, ndipo chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku rauta ndi mpopi wotunga mu thanki yomweyo.

1. Yesani simukhadi pa foni

Musanaiike mu rauta, ikani simukhadi mu foni. Onetsetsani kuti ndi yolembetsedwa, ili ndi bandulo, ndipo ikutsegula masamba a pa intaneti. Ngati imafunsa PIN foni ikamayaka, ichotseni PIN-yo pa foni pomwepo. PIN ikalakwika katatu simukhadi imatsekeka, ndipo imafuna nambala ina yotchedwa PUK. Mukatsimikiza, ilowetseni mu rauta isanayatsidwe.

2. Onani za magetsi ndi malo

Werengani stika ya pansi. Marauta ambiri amafuna mavoti 12, koma alipo ofuna 9 kapena 5. Musagwiritse ntchito chaja ya chipangizo china chifukwa choti mutu wake ukulowa. Ikhoza kuwotcha rauta. Ngati mumadalira sola, yatsani rauta pa nthawi yophunzira yokha kuti batire lisamathe pachabe.

Ikani rauta pamwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene foni yanu imagwira bwino netiweki. Malata ndi makoma okhuthala amafooketsa netiweki. Ife tinangoisuntha kuchoka pa tebulo la pakona n'kuika pa shelefu ya pazenera, ndipo timagetsi tosonyeza mphamvu ya netiweki tinachoka pa kamodzi kufika pa titatu.

3. Yambani ndi kompyuta imodzi

Musalumikize onse nthawi imodzi. Tengani kompyuta imodzi ndi nthambo ya netiweki. Kumbuyo kwa rauta kuli mabowo olembedwa LAN, ndipo pa marauta ena pali lina lolembedwa WAN. Makompyuta anu amalowa pa LAN. Bowo la WAN ndi la intaneti yochokera kunja pa nthambo. Ngati mulibe nthambo, lowani pa Wi-Fi pogwiritsa ntchito dzina ndi pasiwedi za pa stika.

4. Tsegulani tsamba la rauta

Tsegulani Chrome kapena Firefox. Pamwamba, polemba adiresi ya tsamba, lembani manambala amene ali pa stika. Nthawi zambiri amakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa marauta ambiri a Huawei amakhala 192.168.8.1. Tsambali lili m'kati mwa rauta momwemo, choncho limatseguka ngakhale intaneti isanayambe, ndipo silidya bandulo. Lidzakufunsani dzina ndi pasiwedi ya woyang'anira. Kawirikawiri dzinalo limakhala admin.

5. Uzani rauta khomo lotulukira

Pitani pamene palembedwa Mobile Network, Dial-up kapena Profile. Mupeza malo olemba APN. Limeneli ndi dzina la khomo limene kampani ya mafoni imatulutsira makasitomala ake kupita pa intaneti. Marauta ambiri amalizindikira okha. Likakhala kuti palibe, onani pa foni imene munayesera simukhadi ija, pa Access Point Names, n'kukopera mmene lalembedwera, chilembo ndi chilembo. Ikafunsa Dial number, lembani *99#. Malo a Username ndi Password a pa tsamba limeneli nthawi zambiri amasiyidwa opanda kanthu. Dinani Save, kenako dikirani mpaka paoneke mawu akuti Connected.

6. Siyani DHCP yoyatsa

Chipangizo chilichonse cha pa netiweki chimafunika nambala yakeyake, monga mmene nyumba iliyonse ya m'dera lanu ilili ndi nambala yake. Nambalayi imatchedwa IP address, ndipo mbali ya rauta imene imagawa manambalawa imatchedwa DHCP. Onetsetsani kuti ndi yoyatsa. Ikakhala choncho, makompyuta ena aja mungowalumikiza ndipo adzalandira manambala okha. Ngati wina ali m'chipinda china, nthambo ya netiweki imagwira bwino ntchito mpaka mamita 100.

7. Sinthani mapasiwedi awiri

Apa ndi pamene ine ndinagwera. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri osiyana. Yoyamba ndi ya woyang'anira, yotsegulira tsamba la rauta lija. Imeneyi aidziwe anthu awiri okha osankhidwa ndi gulu. Yachiwiri ndi ya Wi-Fi, imene ophunzira amalowera. Pa Security sankhani WPA2, kapena WPA3 ngati zipangizo zanu zonse zikuilola. Pasiwedi ya Wi-Fi siyenera kuchepera zilembo 8, koma ndi bwino kuitalikitsa pophatikiza mawu atatu osagwirizana ndi manambala. Musaike dzina la gulu, chaka chobadwa kapena nambala ya foni. Mukadina Save, zipangizo zonse za pa Wi-Fi zidzaduka. Rauta sinawonongeke, ikungofuna kuti mulowenso ndi pasiwedi yatsopano.

8. Tetezani bandulo

Si anthu okha amene amamaliza bandulo. Kompyuta ya Windows ikapeza Wi-Fi imayamba kukopera yokha zinthu zodzikonzera, ndipo zimakhala zazikulu. Pa laputopu iliyonse pitani pa Settings, kenako Network & Internet, sankhani Wi-Fi yanu n'kuyatsa Metered connection. Zimenezi zimauza kompyuta kuti intaneti yake ndi yowerengera. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi loilola kuti idzikonze, chifukwa kukonzako kumaiteteza ku mavairasi. Pa mafoni, letsani mapulogalamu kudzisintha okha, ndipo mavidiyo a maphunziro a pa YouTube muziwaonera pa 360p.

Tsamba la rauta limasonyezanso mndandanda wa zipangizo zimene zalumikizidwa. Uwerengeni tsiku lililonse. Ngati m'chipinda muli anthu asanu koma pa mndandanda pali zipangizo khumi ndi ziwiri, sinthani pasiwedi. Musasiyenso mayunitsi mu simukhadi ya rauta, chifukwa bandulo ikatha akhoza kudyedwa msanga.

Intaneti ikakana

Musathamangire kubatani. Fufuzani motsatana, kuyambira pafupi kupita kutali. Kodi rauta yayaka? Kodi tsamba la rauta likutseguka? Ngati silikutseguka, vuto lili pakati pa kompyuta ndi rauta: nthambo, bowo lolakwika kapena pasiwedi. Mukaona kuti nambala ya kompyuta yanu ikuyamba ndi 169.254, ndiye kuti sinalandire nambala kuchokera ku rauta. Onani DHCP ndi nthambo. Ngati tsamba likutseguka koma silikunena kuti Connected, vuto lili kunja: simukhadi, APN kapena netiweki yofooka. Ngati likunena kuti Connected koma masamba sakutseguka, yambani mwaona ngati bandulo ilipo. Kuzimitsa rauta kwa theka la mphindi n'kuiyatsanso kumathetsa mavuto ambiri.

Kumbuyo kuli kabowo kolembedwa Reset. Mukakadina ndi singano kwa masekondi pafupifupi 10, zonse zimene munakonza zimafufutika ndipo pasiwedi ya pa stika imabwerera. Kagwiritseni ntchito pokhapokha mwaiwala pasiwedi ya woyang'anira. N'chifukwa chake ife timalemba APN, mapasiwedi ndi tsiku logula bandulo m'kope limene amasunga msungichuma wa gulu.

Mlongo uja fomu yake anatumiza kutatsala tsiku limodzi, pa foni yobwereka, ndipo ine ndinakapepesa pamaso pa gulu lonse. Chiyambireni kutsata ndondomekoyi, bandulo ya mtengo womwewo imatifikitsa kumapeto kwa mwezi. Ngati gulu lanu lili ndi rauta imene ikungokhala m'katoni chifukwa palibe woikonza, bwerani nayo ku chipinda chophunzirira Loweruka m'mawa pamodzi ndi chaja yake, simukhadi ndi kope. Mudzakonza ndinu, ine ndidzangokhala pambali panu.