Mlendo Wophunzira m'Nyumba ya Eni

Ife a ku Luangwa, kumene kale tinkati Feira, tazolowera kutumiza ana athu kutali kukaphunzira. Tsono tamvani za Legson Kayira, mnyamata wa ku Nyasaland amene anaphunzira ku Livingstonia.

M'caka ca 1958 iye anayamba ulendo wa pansi kulinga ku America, atanyamula Buku Lopatulika, bulangete ndi nkhwangwa. Anapyola Tanganyika ndi Uganda nafika ku Khartoum, ndipo ophunzira a Skagit Valley College, m'dera la Washington, anamsonkhera ndalama za ndege. Pofika kumeneko mu December 1960 analibe wacibale ngakhale mmodzi; koma banja lina linamlandira, nilimpatsa pogona, ndipo anadya pamodzi ndi ana ao. Pambuyo pace anaphunziranso pa University of Washington ndi ku Cambridge.

Sukulu ipatsa mlendo nzeru, koma siingathe kumpatsa kwao. Makolo anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Cifukwa cace inu okhala pafupi ndi sukulu, monga ya ku Katondwe, musatsekere citseko mwana wocokera kutali. Ndipo iwe wolandiridwa, gwira tsache ndi khasu osadikira kuuzidwa, pakuti mlendo waulesi atsekera njira anzace akudza m'mbuyo.