Kuwerengera ana buku la nthano madzulo mpaka kulimaliza

Makolo ambiri kuno ku Mchinji amene amayamba kuwerengera ana awo buku lalitali la nthano safika nalo pa mutu wachinayi. Buku agula, nyali ilipo, tsiku loyamba ana adzaza mphasa. Pofika Lachinayi wamkulu wapeza chifukwa chokachezera kwa anzake, wamng'ono akuwodzera, bambo ayamba kudandaula kuti ana a masiku ano sakonda mabuku. Ndaziona izi m'makomo a aphunzitsi, a alimi a fodya, ngakhale a amalonda amene amapita ku Chipata sabata ndi sabata, ndipo cholakwika chimakhala chimodzimodzi pafupifupi paliponse. Tisanafike pamenepo, tithane kaye ndi zosavuta.

Mwana wa zaka 8 mpaka 12 amafuna nkhani ya ulendo: mwana mnzake achoke pakhomo, alowe kumalo achilendo, nyama zilankhule, zoopsa zimupanikize. Mukapeza la Chichewa, yambani ndi limenelo. Sikusinja ndi Gwenembe la J.W. Gwengwe, lija la mbalame yoimba imene imaulula zimene munthu anachitira mbale wake panjira, limagwira ana mpaka lero. Malemu Steve Chimombo analembanso nthano zakwathu m'Chingerezi, monga The Bird Boy's Song. Mwa mabuku akunja, lopepuka kuyamba nalo ndi The Lion, the Witch and the Wardrobe la C.S. Lewis, la mu 1950, chifukwa lili ndi mitu 17 yaifupi, mutu umodzi usiku umodzi. The Hobbit la J.R.R. Tolkien, la mu 1937, ndi lokoma koma mitu yake ndi yaitali, lidikire.

Funsani kaye kwa ahedi kapena ku TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi) ya m'dera lanu, chifukwa mabuku ena angokhala m'makatoni osawagwira. Amene ali ndi ulendo wa ku Lilongwe angayese ku National Library Service, apo ayi kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu. Lakale mwina mulipeza motsika mtengo mukanenerera, koma latsopano limadula. Musanapereke ndalama, onani masamba omalizira ngati alipo onse. La Chinyanja logula ku Chipata lidzakhala ndi "c" pamene ife timalemba "ch". Auzeni ana kamodzi, basi. Nthawi yabwino ndi mukatha kudya nsima, mphindi 20 zokha, makamaka miyezi yokolola itatha, pamene anthu sabwera kumunda ali wefuwefu. Omvera manja awo akhoza kumasenda mtedza kapena kutong'ola chimanga. Foni zikhale m'nyumba.

Tsono apa ndi pamene zimafera. Wowerenga ndinuyo, osati mwana.

Zimayamba chonchi. Bambo atsegula buku, awerenga mizere itatu, kenako alipereka kwa mwana wa Sitandade 6: "Tawerenga apa, timve ngati kusukuluko ukuphunziradi." Mwana ayamba, chala chili pamzere. Afika pa liwu lomwe sanalionepo, akakamira. "Bwereza!" Abwereza molakwika, azing'ono ake aseka, amayi ati, "Sitandade 6 yonseyi?" Pofika kumapeto kwa tsamba palibe amene akudziwa kuti nkhaniyo ikunena za yani. Mwanayo waphunzira chinthu chimodzi chokha usiku umenewo, chakuti buku likatuluka manyazi ali pafupi. Mawa lake mudzamufunafuna.

Kusukulu mwana amayesedwa kale tsiku lonse. Madzulo ano ntchito yake ndi kumvetsera basi. Khutu la mwana limatha kutsata nkhani yovuta kuposa imene maso ake angawerenge yekha, ndipo n'chifukwa chake mukumuwerengera. Mukamupatsa bukulo kuti alimbane nalo pamaso pa anthu, mwamulanda chinthu chomwe munamuitanira.

Koma kuti muwerenge inuyo bwino, muyenera kuti mwauwerenga kale mutuwo panokha masana. Apa ndiye ambiri amachita ulesi, amati ndikaziona pomwepo. Simungazione pomwepo. Pamphasapo pali mwana wa Sitandade 2 amene Chingerezi sanayambe kuchimva, palinso agogo. Mukamawerenga chiganizo chimodzi m'Chingerezi, n'kuima, n'kuyamba kusakasaka Chichewa chake, n'kubwereranso, nkhani imazizira m'manja mwanu. Werengani mutuwo nokha, kaya pa benchi ya golosale, kaya podikira minibasi pa Kamwendo, pensulo ili m'manja. Chongani zinthu zitatu: mawu ochepa ofunika kuwamasulira, malo amene anthu akulankhulana, ndi pamene mukalekezere.

Tengani mutu woyamba wa buku la Lewis lija. Ana anayi, Peter, Susan, Edmund ndi Lucy, awachotsa ku London pothawa mabomba a nkhondo, akukhala m'chinyumba cha pulofesa wokalamba. Tsiku lina kukugwa mvula, akuyendera zipinda, Lucy alowa m'kabati ya zovala, akankha majasi aubweya, mwadzidzidzi apezeka ali m'nkhalango usiku, akuponda chipale chofewa. Mwana wa kwa Mkanda chipale chotere sanachionepo. Ngati munakonzeka masana, munena mwachidule kuti ndi chinthu chozizira ngati matalala koma chofewa ngati ufa, n'kupitirira osataya mpweya. Ngati simunakonzeke, mukhala mphindi zisanu mukufotokoza za nyengo ya ku Ulaya, Lucy ataima m'nkhalango muja, ana akuyasamula. Zofotokoza malo zikambeni m'Chichewa chanu chapakamwa. Zolankhulana za anthu ziwerengeni m'Chingerezi momwe zalembedwera, kenako muziponye m'Chichewa mwachangu. Akuluakulu atola Chingerezicho osadziwa n'komwe, ang'onoang'ono satsalira.

Ndipo sinthani mawu. Mkango usalankhule ngati kamtsikana. Achikulire a m'malire muno amene ankatchera wailesi ya Zambia akukumbukira Julius Chongo pa pologalamu ya Poceza m'Madzulo: munthu mmodzi, koma umamva mfumu, nkhalamba, kamwana ndi chilombo, aliyense ndi liwu lake. Simukuyenera kufika pa iye, koma musawerenge ngati mukulengeza za maliro. Ana akakusekani poyesa liwu la chilombo, ndiye kuti zikuyenda.

Mafunso a mayeso asiyeni. "Mwaphunzirapo chiyani pamenepa?" ndi funso limene lapha mabuku ambiri m'makomo. Alipo anthu amene amalangiza kuti mwana akhale ndi kope azilemba mawu atsopano, dikishonale ili pambali, mawa muwafunse masipelo. Malangizo amenewo ndi a m'kalasi, ndipo amene amawapereka sanakhalepo pamphasa ndi ana otopa 7 koloko usiku. Agogo athu poyamba nthano ankangofuna kumva kuti "tili tonse", pofika pa nyimbo onse n'kuvomera. Sankaimitsa Kalulu panjira kuti afunse tanthauzo la liwu. Funso lololedwa ndi limodzi: "Mukuona ngati zitha bwanji?" Edmund akadzapereka abale ake chifukwa cha maswiti, asiyeni ana akangane okha ngati ayenera kukhululukidwa. Inu musagamule. Ndinenenso, chifukwa ndi pomwe ambiri amabwerera m'mbuyo sabata yachiwiri: musamupatse mwana buku kuti mumuyese, musamufunse kuti mumugwire.

Lekezani pamene pakoma. Mutu woyamba uja umatha Lucy atakumana ndi kamunthu ka miyendo ya mbuzi, konyamula ambulera ndi timaphukusi, ndipo kakamuona kadzidzimuka n'kugwetsa timaphukusi tonse. Tsekani buku pomwepo. Adzati, "Amayi, pang'ono pokha!" Kanani. Kulira kumeneko ndi komwe kudzawabweretse mawa musanawaitane. Mukagonja n'kuwerenga mitu itatu mpaka onse atagona, mawa mudzavutika kudziwa amene anamva mpaka pati.

Nanga mwana adzawerenga liti yekha? Akapempha. Siyani buku poonekera masana. Tsiku lina mudzapeza kapepala kanu kosonyeza tsamba kasuntha, wina wakhala akuba nkhani yam'tsogolo. Musamukalipire, ndipo musamuchemererenso pagulu. Akafuna kuthandiza madzulo, mupatseni mawu a munthu mmodzi m'nkhanimo, ndipo akaphonya liwu, linong'onezeni n'kupitirira. Ngati inuyo Chingerezi chimakuvutani, mwana wa Fomu 2 akhale nanu masana akufotokozereni mutuwo, madzulo muukambe ndinu, iye aziwerenga zolankhulana zokha.

Pali nkhani ina yosafunika kuizemba. Mabuku amtunduwu ali ndi zamatsenga, ndipo pachikuto cha la Lewis pali liwu lakuti Witch. Kwathu kuno liwu lakuti mfiti si lamasewera: nkhalamba zamenyedwapo, ana athamangitsidwapo m'makomo chifukwa chonamiziridwa, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Choncho pofotokoza m'Chichewa muzingoti mfumukazi yankhanza, poti m'nkhanimo amadzitchadi mfumukazi, ndipo auzeni ana poyambirira kuti iyi ndi nthano, yofanana ndi ya Kalulu ndi Njovu, yosakhudza gogo aliyense wa m'mudzi muno. Lewis anali Mkhristu, ndipo mkango wake Aslan umafa m'malo mwa wolakwa n'kuukanso. Komabe ngati mtima wanu kapena mpingo wanu sukulola, musakokane nazo. Tengani The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu ku Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola. Lilipo lolembedwera ana, la mu 2015, ndipo muli njala, mantha ndi kupambana kokwanira kugwira mwana aliyense.

Mukadumphitsa masiku chifukwa cha maliro kapena ulendo, musayambirenso buku. Funsani wamng'ono kwambiri kuti akukumbutseni pomwe munalekezera, ena amuthandize, mupitirire. Mukadumphitsa kuposa sabata ziwiri nkhani imaiwalika, ndiye pezani wogwirizira, kaya azakhali kaya achimwene awo, koma nayenso awerenge kaye mutuwo masana.

Buku likatha, likutireni ndi pulasitiki ya paketi ya shuga, lembani dzina la banja mkati, lisungeni m'jumbo pamwamba, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Pobwereketsa, sinthanani dzanja ndi dzanja ndi banja lomwe nalonso lili ndi buku lake. Mabanja anayi kapena asanu a mpingo umodzi kapena banki m'khonde imodzi, aliyense atagula limodzi, ali ndi nkhani zokwana nyengo yonse yachisanu.