Musanakumbe: Kukonzekera Mapaipi a Spa pa Dziwe Lomwe Lilipo Kale

Mu June ndi July dziwe losambiramo limangokhala, palibe wolimba mtima kulowamo. N'chifukwa chake eni malo ogona alendo ndi eni nyumba ena amaganiza zowonjezerapo spa, kadziwe ka madzi otentha kokhalamo anthu anayi kapena asanu, madzi akutuluka mwamphamvu m'makoma n'kumawasisita kumsana. Kuwaka kadziweko mmisiri wabwino amatha. Povuta ndi pa mapaipi, chifukwa akakwiriridwa pansi pa konkiriti, kukonza kwake n'kugumula basi.

Yambani ndi zomwe muli nazo. Lowani m'kanyumba ka pampu ndi pulambala wanu, mulembe mphamvu ya pampu, kukula kwa fyuluta ndi kukula kwa mapaipi. Maiwe ambiri apakhomo anaikidwa mapaipi a 50 mm. Yezani mtunda wochoka pa kanyumbako kufika pomwe mukufuna spa, ndipo mugwirizane ngati madzi ake adzakhala pamwamba kuposa a dziwe kapena mofanana. Kenaka jambulani papepala njira yonse ya madzi, potulukira ndi pobwerera, khasu lisanagunde pansi.

Chachiwiri, sankhani ngati spa idzagawana makina ndi dziwe kapena idzakhala ndi akeake. Pakhomo kugawana pampu, fyuluta ndi hita n'kokwanira ndipo kumapulumutsa ndalama. Pa malo a alendo ine sindingalangize zimenezo. Nthawi yonse imene makina akutumikira spa, madzi a dziwe lalikulu sakusefedwa, pomwe alendo amafuna zonse ziwiri nthawi imodzi.

Mukasankha kugawana, pafunika mavavu awiri a njira zitatu: imodzi pampu isanakoke madzi, yosankha pakati pa dziwe ndi spa, ina pobwezera madzi, yosankhanso chimodzimodzi. Onse awiri akaloza ku spa, madzi ochepawo amangozungulira mu hita n'kutentha msanga. Yokokera ikaloza ku dziwe, yobwezera n'kupatsako spa gawo lina, spa imasefukira m'dziwe ndipo madzi ake amakhala atsopano tsiku lililonse. Koma pali kaimidwe kamodzi koopsa: kukoka ku spa n'kumabwezera ku dziwe. Spa ya malita 1,500, pampu ikukoka malita 250 pa mphindi, imauma m'mphindi 6, ndipo pampu yoyenda yopanda madzi imapsa. Lembani ndi penti pa paipi iliyonse komwe ikupita, kuti ngakhale wosamalira pabwalo wobwera kumene asasokoneze.

Tsopano dzifunseni funso limene ambiri amalidumpha: pampu ikaima, madzi apita kuti? Kwathu kuno magetsi amazima osatsanzika, ndiye funsoli si lamasewera. Ngati spa ili pamwamba, madzi ake amabwerera m'mbuyo kudzera m'paipi yobwezera mpaka atafanana ndi a dziwe, ndipo m'mawa mumapeza mipando ya spa ili poyera. Mankhwala ake ndi non-return valve pa paipi yobwezera ku spa. Iikeni m'kanyumba ka pampu, osati pansi pa nthaka, ndipo ngati mungapeze ya chivundikiro choonekera mkati, gulani imeneyo. Kamchenga kamodzi kokha kamailepheretsa kutseka bwino, ndiye muzitha kuitsegula.

Kukula kwa mapaipi kumachokera ku majeti, timabowo ta m'makoma totulutsa madzi mwamphamvu tija. Majeti ambiri amafuna malita pakati pa 40 ndi 55 pa mphindi, lililonse. Onani zimene wopanga walemba pa amene mwagula. Majeti 6 a malita 50 ndiye kuti malita 300 pa mphindi. Kumbali yokokera, madzi asathamange kuposa mamita 1.8 pa sekondi, ndipo pa liwiro limenelo paipi ya 50 mm imanyamula malita pafupifupi 170, ya 63 mm pafupifupi 270. Mwaona nokha kuti ya 50 mm yaperewera kutalitali, ndipo kwa majeti 6 pafunika ya 75 mm. Apa mpamene pampu yakale ndi fyuluta yake zimagonja. Nthawi zambiri chanzeru n'kupatsa majeti pampu yawoyawo, ya mapaipi akeake osadutsa mu fyuluta. Gulani mapaipi a PVC opirira mphamvu ya madzi, osati opyapyala a madzi a kubafa, ndipo pokhota gwiritsani ntchito ma elibo a 45 kapena okhota pang'onopang'ono. Kuzungulira spa, paipi ya majeti ikumane n'kupanga mkombero, kuti jeti lomaliza lisamangodontha pomwe loyamba likupweteka msana.

Pokokera madzi pansi pa spa pasakhale bowo limodzi lokha. Mu 2002 ku United States, mtsikana wa zaka 7, Virginia Graeme Baker, anamira m'spa atakanirira pa bowo lokokera madzi, ndipo akuluakulu anavutika kumuchotsapo. Mu 2007 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake lokhudza zivundikiro za mabowo amenewa. Inuyo ikani mabowo awiri pa pampu iliyonse, otalikirana masentimita 90 kapena kuposerapo, olumikizidwa ndi T yokhala pakati penipeni, kuti thupi likatseka limodzi linalo lizikokabe. Chivundikiro chikasweka kapena kuguluka, munthu asalowe mpaka mutaika china.

Majeti amasakaniza madzi ndi mpweya, ndiye pali paipi inanso ya mpweya. Ngati mwaika blower, makina okankha mpweyawo, paipiyo ikwere kaye masentimita 30 kapena kuposerapo pamwamba pa madzi a spa, kenaka itsike. Popanda chikhoto chimenecho madzi amalowa mu blower n'kuiononga.

M'kanyumba ka pampu ndondomeko yake ndi iyi: pampu, fyuluta, hita, pomaliza makina othira klorini. Klorini ikhale kumapeto chifukwa ikabwerera mu hita ili yamphamvu imadya zitsulo zamkati. Ngati muli ndi makina opanga klorini kuchokera ku mchere, achepetseni mphamvu pamene madzi akuzungulira mu spa mokha. Za hita muwerengeretu: kutenthetsa malita 1,500 kuchoka pa 22 kufika pa 38°C kumafuna pafupifupi 28 kWh, kutanthauza maola pafupifupi 3 ndi hita yotulutsa 10 kW. Hita ikakhala kutali, kutentha kwina kumathera m'nthaka, choncho kutani mapaipi a madzi otentha. Madziwo asapitirire 40°C. Pampu ndi hita zilumikizidwe ndi ma union kuti zizichoka osadula paipi.

Musakwirire musanayese. Guluu akauma, tsekani mapaipi onse kumapeto, muwadzaze madzi, muwapope ndi geji, n'kuwasiya maola 24. Yesani ndi madzi, osati mpweya, chifukwa PVC yopopedwa mpweya ikaphulika imamwaza tizidutswa takuthwa. Geji ikatsika, penapake pakudontha. Fufuzani ngalande zikadali zotsegula, ngakhale womanga akhale akuyang'ana wotchi. Zikakhala bwino, yalani mchenga pansi ndi pamwamba pa mapaipi, jambulani ngalande iliyonse ndi foni tepi yoyezera ikuonekera, ndipo gejiyo ikhalebe pomwepo mpaka konkiriti atathiridwa, kuti wina akaboola paipi ndi fosholo mudziwe tsiku lomwelo. Mawaya, earth ndi chozimitsa magetsi cha 30 mA asiyireni katswiri wa zamagetsi wa chiphaso, koma muitanireni ngalande zisanatsekedwe kuti nayenso ayale mapaipi a mawaya ake.